Masiku 14 m'khitchini

Kuseri kwa nyumba yathu ku Lisungwi kuli khitchini ya zidina, yofolera ndi udzu. Makoma ake ndi akuda bii ndi mwaye, ndipo munthu wamtali salowamo osawerama. M'miyezi 8 yokha, anthu awiri a pakhomo pathu anagonamo masiku 14 aliyense chifukwa cha Covid-19. Woyamba anali achimwene anga, mu Juni 2020, ndipo amene ndinawalowetsamo ndine. Wachiwiri ndinali ineyo, mu Januwale 2021.

Anzanga ambiri pano pa koleji akamakumbukira za mliri uja amakonda kunena kuti unawathandiza kudziwa anzawo enieni: amene ankaimba foni, amene anatumizako kabandulo, amene anangozimiririka. Ine ndakhala ndikuzengereza kulemba zanga chifukwa pa nkhani yangayi woperewera ndinapezeka kuti ndine. Koma ndaona kuti ndilembe basi, poti ndikukhulupirira kuti sindili ndekha. Ambiri a ife ndife oyamba kufika ku yunivesite m'mabanja mwathu, ndipo palibe anatiphunzitsa kanyamulidwe ka zimene tikudziwazo tikafika nazo kumudzi.

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo sukulu zonse zinatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi. Nthawi imeneyo m'Malawi munali musanapezeke munthu ngakhale mmodzi wa kachilomboka. Atatu oyamba anadzalengezedwa pa 2 Epulo. Ine ndinali chaka chachiwiri. Ndinanyamula kachikwama kamodzi poganiza kuti ndi nkhani ya masabata atatu, n'kukwera minibasi ku Blantyre, kudutsa Lunzu, kuwoloka Shire pa Zalewa, kenako njinga yamoto mpaka kwathu. Masabata atatu aja anasanduka miyezi yoposa 6.

Ndimaphunzira zowerengera ndalama, osati zachipatala, koma sabata isanathe pamudzi anali atanditcha kale "adokotala". Dzinali ndinaliputa ndekha. Madzulo alionse ndinkakwera pachulu pomwe netiweki imagwirako bwino, kukaona ziwerengero za Unduna wa Zaumoyo pa Facebook, n'kubwera kudzawerengera anthu ngati zotsatira za mpira. Ndinakhoma mpondagiya pakhomo, sopo womangirira pachingwe. Mlendo akatambasula dzanja ndinkamupatsa chigongono, ngakhale akhale wamkulu wobadwa ndi agogo.

Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo, ine ndinaomba m'manja. Bungwe la HRDC litapita ku khoti lalikulu, Jaji Kenyatta Nyirenda n'kuuimitsa pa 17 Epulo, ndinalemba pa Facebook kuti Amalawi moyo sitiukonda. Amayi, amene amagulitsa tomato ndi usipa pamsika, anamva nkhani yomweyo pa wailesi n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Ndinayamba kuwafotokozera za ku Italy. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanawe, ndamva. Koma ndiwo wadya masanazi ndagula ndi ndalama ya m'mawa uno. Masiku 21 amenewo udzadya chiyani?" Yankho ndinalibe, koma maganizo sindinasinthe. Ndinangoti mumtima, akuluakulu samva.

Chibwenzi changa chinathera pa khalidwe lomweli. Mtsikana amene ndinali naye kuyambira chaka choyamba kwawo n'ku Ndirande, ndipo sukulu zitatsekedwa anayamba kuthandiza mayi ake kugulitsa kaunjika, chifukwa bambo ake anali atawaimitsa ntchito. Tinkacheza pa WhatsApp usiku, bandulo ikalola. Nkhani yanga inali imodzimodzi: wavala maski? Wasamba m'manja? Bwanji osangokhala pakhomo? Ndinkamutumizira mpaka zithunzi za mabokosi a maliro a ku Ulaya. Tsiku lina mu Meyi anandilembera kuti, "Miyezi iwiri yonseyi sunandifunsepo ngati kunyumba kuno tadya." Ndinamuyankha ndi chindime chachitali chosonyeza kuti zonse ndimanena chifukwa chomukonda. Anawerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, ndipo zinathera pomwepo. Anzanga ndinawauza kuti watilekanitsa ndi mtunda.

Tsopano za achimwene. Bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Achimwene, amene amandiposa ndi zaka 6, anasiya sukulu ali Fomu 2, ndipo mu 2014 anakwera basi ya ku Joni. Anayamba ndi kutsuka mbale mu lesitilanti ina ku Johannesburg mpaka anadzakhala ophika. Fizi yanga ya ku sekondale, yunifolomu, laputopu, ndi foni imene ndinkawerengerapo ziwerengero ija, zonse zinachokera m'manja mwawo. Mwezi ukatha, meseji ya Mukuru inkalowa osaphonya.

Dziko la South Africa linalowa m'bindikiro pa 27 Malichi, ndipo malesitilanti anatsekedwa. Achimwene anapirira miyezi iwiri akugulitsa katundu mmodzimmodzi, mpaka ndalama yotsiriza anagulira tikiti yobwerera kumudzi. Sanali okha. Amalawi zikwizikwi ankabwera pa mabasi odutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete, n'kulowera pa chipata cha Mwanza, boma loyandikana ndi lathu. Chakumapeto kwa Meyi, anthu oposa 400 a pa mabasi amenewa anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre pomwe ankasungidwa podikira za kuyezedwa kwawo, ndipo dziko lonse linalankhula. Kuyambira pamenepo mawu oti "wa ku Joni", amene kale ankatanthauza munthu wobweretsa mabulangete ndi mafoni, anasanduka chitonzo. Anthu ankalozerana ndi milomo makomo amene kwafika wa ku Joni.

Achimwene anafika sabata yachiwiri ya Juni, chakumadzulo, ndi chikwama chimodzi. Panali patatha zaka zitatu tisanaonane. Amayi anataya mthiko n'kuthamanga akuimba nthungululu, koma ine ndinawatsekereza. "Amayi, musawakhudze." Ndinali nditasesa kale m'khitchini, kuyalamo mphasa, ndi kupatula mbale, kapu ndi supuni zimene ndinazidonthezera penti yofiira kunsi. Ndinaima patali n'kuwawerengera malamulo kuchokera pa foni imene anandigulira iwo eni. Sindikumbuka ngati moni ndinapereka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khitchini ija, kenako anati, "Chabwino, adokotala." Anawerama n'kulowa.

Ndisanapitirire ndinene izi poyera: kupatula munthu wochokera pa ulendo ngati umenewo sikunali kulakwa. Ku malire anawauza zomwezo, kuti akadzipatule masiku 14. Kuno ku Neno bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira mu 2007, lili ndi anthu a zaumoyo oyendera makomo m'midzi, ndipo mayi amene amayendera pathu ananenanso chimodzimodzi. Amayi ali ndi BP, malume anali ndi shuga. Atandibweza ku tsiku limenelo, khitchini ija ndikhoza kuisesanso. Kulakwa kwanga kuli pa zimene ndinachita m'kati mwa masiku 14 aja.

Sindinakhalepo pansi n'kucheza nawo ngakhale kamodzi. Nsima ndinkaika pa mwala wa pakhomo, kugogoda, n'kuchoka asanatsegule. Sindinawafunse kuti ayenda bwanji, kuti ntchito inatha bwanji, kuti katundu wa zaka 6 ali kuti. Mu Juni usiku kumazizira ngakhale kuno kuchigwa, ndipo ndinkawamva akutsokomola ndi utsi wa moto umene ankawotha. M'malo mowapatsira bulangete lina, ndinkalemba m'kope kuti "chifuwa, tsiku la 5".

Amene ankachita zimene ndinayenera kuchita ine anali malume, alongo awo a amayi, eni mbumba athu. Masana alionse ankabwera ndi kampando kawo ndi kawailesi, n'kukhala pansi pa mtengo wa masau, mapazi angapo kuchoka pa khomo la khitchini. Sankayandikira. Ankangocheza basi: za mtengo wa thonje, za mbuzi, za amene anamwalira ndi amene anakwatiwa achimwene ali kunja, za chisankho. Tsiku lina ndinawadzudzula kuti munthu wa shuga sayenera kupezeka pamenepo. Anaseka. "Mphwanga, a zaumoyo ati titalikirane matupi, ndipo ndatalikira, yeza ngati ukufuna. Kodi anenanso kuti munthu asalankhulidwe? Uyutu si wakuba. Wabwera kwawo."

Pa nthawiyo ndinangoti ndi makani a nkhalamba. Pano ndikuona kuti malume ankamvetsa chinthu chimene mapepala onse amene ndinawerenga sanalembe. Kwathu kuno munthu sasiyidwa yekha popanda chifukwa. Wodwala timakamuzonda, woferedwa timakagona naye, mlendo timamulonjera ngakhale tikudziwa kale zimene wadzera. Amene amadyera m'mbale yakeyake, osalankhulidwa, ndi munthu amene mudzi wamuweruza kale: woganiziridwa ufiti, wakuba, wochita zonyansa. Ndiye ukamuuza munthu kuti agone payekha ndipo mbale yake isasakanikirane ndi zina, iwe ukhoza kumati ukunena za kachilombo, koma iye thupi lake likumva zina. Pamafunika wina wobwera tsiku ndi tsiku kudzatsutsa uthenga wachiwiriwo. Malume ankabwerera zimenezo.

Palinso china chimene chimandichititsa manyazi kuposa izi. Chisankho chobwereza cha pulezidenti chinali pa 23 Juni, ndipo misonkhano ya ndale inali paliponse. Pa tsiku la 10 la achimwene m'khitchini, ine yemwe, adokotala, ndinakwera lole yodzaza ndi anthu kupita ku msonkhano. Tinapanikizana, tinaimba, tinavina, maski ili m'thumba. Ndinabwerako usiku fumbi lili mbuu, mawu atasasa. Achimwene anali khale pa khomo la khitchini. Anandiona, koma sananene kanthu.

Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndivomereze chifukwa chimene chikhamu cha anthu osawadziwa sichinandiopsere, pomwe m'bale wanga mmodzi ankandiopsa. Mantha a matenda analipo, inde, koma sanali okha. Panali kudzionetsera: ndinkafuna mudzi uone kuti pakhomo pamene pali mwana wa ku yunivesite zinthu zimayenda mwa dongosolo. Panali manyazi, poti munthu amene tinkanyadira kuti ali ku Joni wabwera ndi chikwama chimodzi. Ndipo pansi pa zonsezo panali mkwiyo umene sindikanauvomera pa nthawiyo: ngati achimwene abwera chimanjamanja, fizi yanga alipira ndani? Ndinawakwiyira chifukwa chosauka. Malamulo a Covid anangondipatsa njira yooneka bwino yowalangira, moti aliyense woona akanati mnyamatayu akuteteza banja.

Masiku 14 anatha osadwala. Sanadandaule, sanandikumbutse. Anabwereka chiwaya n'kuyamba kukazinga tchipisi pamsika, munthu amene ku Johannesburg ankaphika zakudya za mayina ovuta kutchula. Sukulu zitatsegulidwa chakumapeto kwa chaka, lendi ya kachipinda kanga ku Blantyre inachokera pa chiwaya chimenecho. Ndinalandira, ndinathokoza, koma za khitchini sindinapepese. Tinkangokhala ngati sizinachitike.

Kenako kunabwera Januwale 2021. Amene munali m'tauni mukukumbuka. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Ukatsegula Facebook unkangoona zithunzi za makandulo. Okosijeni ankaperewera m'zipatala, mpaka anthu wamba motsogozedwa ndi mlembi Onjezani Kenani anayamba kusonkherana ndalama zogulira masilinda. Tsiku lomaliza la mweziwo tinatayanso woimba Wambali Mkandawire. Sukulu zinatsekedwanso, anthu osonkhana pamodzi sankayenera kuposa 50, ndipo kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kunaletsedwa.

Ndalama ya chakudya itandithera, ndinaganiza zobwerera ku Lisungwi. M'mawa wa tsiku lonyamuka mutu unkandiwawa pang'ono, thupi lili lefu. Ndinadziuza kuti ndi kutopa, mwina malungo. Ndinamwa Panado n'kukwera minibasi, ndipo nditafika sindinauze munthu. Malume atamva kuti ndabwera anafika madzulo omwewo. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri monga ankachitira, ndipo ulendo uno chigongono sindinawapatse. Tinasamba m'manja m'beseni limodzi, n'kudyera limodzi pakhonde.

Patapita masiku awiri ndinadzuka osamva fungo la sopo, ngakhale la usipa umene amayi ankakazinga. Ndinapita ku chipatala cha Lisungwi, anandipisa kathonje m'mphuno, ndipo zotsatira zinati ndili nako.

Pobwerera ndinapeza achimwene ali padenga la khitchini akuyala pepala la pulasitiki kunsi kwa udzu, poti inali nthawi ya mvula. Anamangamo neti, anaikamo matiresi awo, iwo n'kumagona pa mphasa. Mbale ya kadontho kofiira ija anaitulutsa. Pa malamulo anali okhwima kuposa ine: amayi sanaloledwe kufika ngakhale pa mwala uja, ndipo zovala zanga ankaziviika okha m'madzi otentha atavala maski. Koma madzulo alionse akaweruka ku chiwaya ankatenga mpando n'kukhala pansi pa masau paja. Mvula ikamagwa ankafunda thumba, koma osachoka mpaka nditamaliza kudya.

M'macheza amenewo ndi mmene ndinamva zonse zimene sindinafunse mu Juni. Kuti mwini nyumba atawatulutsa anagona masabata awiri m'galaja ina, Amalawi asanu pa simenti. Kuti ndalama yomaliza imene ananditumizira mu Epulo inali ya filiji, ndipo iwo masiku amenewo ankadya buledi ndi madzi a shuga. Kuti basi inatha masiku anayi pa msewu, ndipo njira yonse ankadzilimbitsa mtima kuti akafika kwawo akapuma. Ankafotokoza izi akuseka, osati mondiimba mlandu, ndipo kuseka kwakeko n'kumene kunkandilasa.

Pa tsiku langa la 6, malume sanadzuke bwino. La 8 anayamba kubanika, ndipo achimwene anathamangira nawo kuchipatala. Anawayeza, anawapeza nako, anawaika pa okosijeni. Anamwino ndi madokotala anayesetsa, zimenezo achimwene amachitira umboni mpaka lero. Koma shuga ndi kachilomboka zikakumana m'thupi la munthu wa zaka za m'ma 60, nkhondo yake imakula. Anamwalira m'bandakucha wa tsiku langa la 12.

Kwathu maliro a mwini mbumba ndi a mudzi wonse. Anthu amagona pasiwa, amayi a Mvano amachezera kuimba, abale akutali amadikiridwa, ndipo aliyense amaona nkhope. Pa malume panalibe chilichonse cha izi. Bokosi silinalowe m'nyumba, silinatsegulidwe. A zaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi ndi amene analitsitsira m'manda tsiku lomwelo, anthu ochepa ataima patali. Munthu amene sankaphonya maliro a wina aliyense anaikidwa ngati mlendo wodutsa. Ine ndinatsala m'khitchini. Mphepo ikatembenuka ndinkamvako nyimbo kuchokera kumanda, kenako zii.

Usiku umenewo achimwene anabwera ndi nsima monga mwa masiku onse, matope a kumanda akadali kumapazi. Ndinawauza zimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti mutu unayamba kundiwawa ndisananyamuke ku Blantyre. "Achimwene, malume ndawapha ndine."

Anakhala chete nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti tsopano anena zonse: za mu Juni, za mbale pa mwala, za lole ija. Akanatero palibe akanawadzudzula.

"Sabata imene unabwera ija," anatero, "malume anapita ku maliro awiri, anapita kutchalitchi, anakweranso minibasi kupita ku Zalewa. Iwe ndi sukulu yakoyo ungandiuze pomwe anakatenga? Palibe angadziwe. Matenda alibe mwini." Anaima kaye. "Koma mutu ukukuwawa unayenera kunena. Chokhacho usadzachitenso. Idya, nsima ikuzizira."

Sanandinamize kuti sindinalakwe, komanso sanandisiye ndisenze mlandu umene palibe angautsimikize. Anandiuza mbali yanga yeniyeni, atakhala pansi, atandibweretsera chakudya. Mpaka lero funso loti malume anakatenga kwa ine kapena kwina limandidzutsa usiku nthawi zina, ndipo ndavomereza kuti ndidzakalamba nalo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinabisa chifukwa ndinkaopa kukhala munthu wa m'khitchini. Ndinkadziwa mmene munthu wotero amaonedwera pakhomo pathu, poti amene anayambitsa kaonedwe kameneko ndine. Apa m'pamene ndinamvetsa zimene a zaumoyo akhala akunena kuyambira nthawi ya Edzi, kuti mukamasala odwala matenda sathawa, amangobisala. Anthu amene anathawa pa sitediyamu aja ndinawatcha mbuli pa Facebook. Patangotha miyezi 8 ndinachita zomwezo, Panado ali m'thumba.

Musandimve molakwika ngati ndikunena kuti chikondi chokha n'chokwanira. Malume anali munthu wa anthu, ndipo mwina kukonda anthu komweko, kugwira dzanja lililonse ndi kufika pa maliro alionse, n'kumene kunawaika pa njira ya kachilomboka. Mu Juni anasamala, koma pofika Januwale anali atatopa nazo monga tinatopera tonsefe. Ndikanakonda akanandimvera pa zina. Koma ndimadzifunsanso kuti, kodi akanandimvera bwanji munthu amene ankalankhula nawo ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti? Ine ndinali ndi malamulo popanda chifundo. Malume anali ndi chifundo chimene nthawi zina chinkaiwala malamulo. Amene anagwira zonse ziwiri pamodzi anali munthu wolekeza Fomu 2.

Tsiku lotuluka m'khitchini ndinawapepesa achimwene za mu Juni. Anati, "Kukwiya ndinakwiya, ndisaname. Masiku atatu oyamba ndinkaganiza zongobwerera komwe ndachokera. Koma malume anandiuza kuti mwana ukamupatsa mpeni watsopano amayamba wayesera pa mipando ya m'nyumba. Anati ndikulekerere, udzadziwa ntchito yake."

Sapu yanga, mayeso obwereza amene tonsefe timawaopa aja, inabwera ndi katemera. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021 kudzera mu COVAX, ndipo a Chakwera anabayitsa pa 11 Malichi ku Zomba. Koma mphekesera zinali zitafika kale m'midzi: kuti ndi 666, kuti ukabayitsa subereka, kuti ufa pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi boma linawotcha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Amayi anakanitsitsa kuti iwo jakisoni ameneyo ayi. Adokotala akale akanawathira ziwerengero n'kuwaseka. Ulendo uno, pa holide, ndinakakhala nawo pamsika ndikuwathandiza kuunjika tomato, n'kuwafunsa chimene akuopa kwenikweni. Zinapezeka kuti si 666. Ankaopa kuti akabayitsa n'kugona masiku angapo monga anamvera kwa anzawo, pa benchi pakhala ndani. Komanso chimwalirireni alongo awo, kungoona geti la chipatala mtima unkawagunda. Tinagwirizana kuti ine ndi achimwene tiyambe, iwo aone. Patapita masabata angapo anavala chitenje chawo chatsopano, achimwene n'kuwaperekeza. Mkono unawawawa masiku awiri, ndipo masiku awiriwo tomato ndinagulitsa ndine, ngakhale amati ndinkaika basera wambiri.

Mtsikana wa ku Ndirande uja ndinakumana naye ku laibulale. Ndinamupepesa, mwachidule ulendo uno. Anati zinatha kalekale, ndipo anaseka nditamufunsa ngati kunyumba adya. Sitinabwererane, ndipo mlandu sindimupatsa.

Ndalemba izi poganizira inu anzanga amene mumapita kumudzi laputopu ili m'chikwama. Covid itayamba kuzilala kunabwera kolera mu 2022, ndipo zina zidzabwerabe. Ngakhale popanda mliri, mudzatsutsana ndi makolo pa za feteleza, za mavoti, za ufiti, za kuchipatala. Nthawi zambiri mudzakhala mukunena zoona, monga ine ndinkanenera zoona pa maski, pa sopo ndi pa masiku 14. Koma musanatsegule foni kuti muwerenge malamulo, yambani mwapereka moni. Funsani ngati adya. Dzifunseninso mwakachetechete ngati mukuteteza munthuyo kapena dzina lanu, ndiponso ngati mulibe kamkwiyo kena kamene kabisala kuseri kwa zoonazo. Ndipo muzikumbukira kuti sukulu imene mukuwadzudzulira nayoyo, alipo amene anaitsukira mbale.

Khitchini ija amayi anabwereramo, akuphikiramo ngati kale. Mbale ya kadontho kofiira amasungiramo mchere. Kampando ka malume kali ku chiwaya, makasitomala amakhalira podikira tchipisi. Pa holide ndimakasenda mbatatesi kumeneko, ndipo achimwene akafuna mafuta kapena chenji amakuwa kuti, "Adokotala!"

Ndimayankha kuti, "Wawa, achimwene."